Kapaki Kanga Kachinsinsi ka ku Lawrence

Ndisanayambe ndipemphe chinthu chimodzi. Mukadzakumana ndi a Mbewe a ku South Bend, chezani nawo za mpira, za mitengo ya mafuta, ngakhale za ndale, koma musawafunse za suti yawo ya mtundu wa khofi. Ankaikonda suti imeneyo, ndipo amene anachititsa kuti ipume pa ntchito isanakalambe ndi ine.

Zinachitika m'zaka zija pamene mafoni anali opinda, ndipo kuimbira kumudzi kunkafuna khadi lokanda. Ndinali nditangosamuka ku South Bend, komwe ndinkaphunzira, n'kudzakhala ku Indianapolis, dera la Lawrence, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba. Galimoto ndinalibe. Amene anakhalako ku Lawrence akudziwa kuti ukamayenda pansi kumeneko anthu amakuyang'ana pa windo la galimoto mwachifundo, ngati waberedwa kapena wathawa m'chipatala.

Ine kwathu ndi ku Chikwawa, choncho kutentha ndimakudziwa. Koma kwathu dzuwa likalusa umakhala pansi pa mtengo uliwonse, kapena pakhonde la golosale, ndipo palibe amene amakufunsa. Kuno m'chilimwe ndi chipululu cha tala ndi simenti. Ukadutsa msewu waukulu ukupeza bwalo loimikapo magalimoto, ukadutsa bwalolo ukupeza msewu wina. Mitengo iliko ndithu, koma uliwonse uli ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ali ndi foni.

Vuto langa linali lakuti shifiti yoyamba inkatha masana, yachiwiri n'kuyamba madzulo. Kubwerera kunyumba kunali kutaya nthawi pa mabasi, komanso kunyumbako kunali anzanga atatu ogwira ntchito usiku, omwe masana ankagona balalabalala mpaka pabalaza. Ndiye ndinasanduka mlenje wa mithunzi. Ndinapeza kabenchi kuseri kwa laibulale, koma tsiku lina ndili m'tulo kapinga anayamba kulavula madzi (palibe amene anandiuzapo kuti kuno udzu umadzithirira wokha). Ndinasamukira pa kakhoma kuseri kwa tchalitchi china, mpaka mayi wina wachifundo anandibweretsera bulangete ndi chitini cha nyemba. Ndinayesa pashedi yodikirira basi, koma basi itandidutsa kangapo osakwera, galimoto ya polisi inaima kudzandifunsa ngati ndili bwino.

Kenako tsiku lina, ndikudutsa kanjira ka kuseri kwa malo omwetsera mafuta, ndinaona mpanda wa waya ndi kageti kosatseka bwino. Ndinakankha, n'kulowa. Abale anga, ndinkangoti ndafika m'munda wa Edene. Kapinga wobiriwira, mitengo ikuluikulu ya mthunzi, mabenchi, tebulo lokhala ndi mipando yake. Pakona panali mpopi wamadzi ozizira, waufupi ndithu, ndipo pansi pake panali mbale zachitsulo zonyezimira. Chapakati panali zoseweretsa: chipaipi chachikulu chapulasitiki chokwawiramo, mkombero wopachika, ndi matabwa awiri otsamirana ngati denga la nyumba. Pa mzati wina panali kabokosi kotulutsa timajumbo takuda, taulere, ungokoka kamodzi kena n'kusuzumira.

Munthu munalibe. Tsiku lotsatira munalibenso. Ndinkafika dzuwa lili paliwombo, kuvula nsapato, kumwa madzi pampopi, kugona pabenchi, n'kuchoka dzuwa lisanapendeke. Timajumbo tija ndinkaikamo buledi wanga. Nthawi zina ndinkapeza timipira tatenesi totafunidwatafunidwa, n'kumadandaula mumtima kuti ana a kuno ndi osalangidwa. Nthawi zinanso mphepo inkabweretsa kafungo kena kake, koma ndinkanamizira atsekwe akutchire amene amakonda kutera pa kapinga kuno. Anzanga a kunyumba sindinawauze, poopa kuti angadzadzazemo.

Tsopano ku South Bend ndinasiyako chibwenzi, Tamanda, yemwe ankamaliza maphunziro a unamwino. Mayi ake, a Nambewe, anali atabwera kuchokera ku Ntcheu kudzaonerera mwambo womaliza maphunzirowo, ndipo ankafikira kwa mchimwene wawo, a Mbewe aja. A Mbewe anali mkulu wa mpingo, ankagwira ntchito mu labu ya chipatala, ndipo anakhalitsa ku America moti Mmalawi aliyense wofuna kugula galimoto kapena kukwatira ankayamba wamva maganizo awo. Maganizo awo pa ine anali odziwika: mnyamata wopanda galimoto, wopanda nyumba yakeyake, ndiponso wongoseka zilizonse.

Lachinayi lina Tamanda anaimba foni.

"Amayi akuti akufuna akuone asanabwerere. Malume atidiraiva Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi."

"Akubwera kuno? Ku Indianapolis?"

"Akuti akufuna aone kumene ukukhala. Usandichititse manyazi, wamva? Waoganaiza chiyani?"

Ndinayang'ana pabalaza pathu. Mpando unalipo umodzi, wotola kumbali kwa msewu, ndipo pa nthawiyo unali utanyamula mnzanga wina wogona chotsegula pakamwa. Masokosi anali atayanikidwa pa wailesi yakanema.

"Usadandaule," ndinatero. "Kuno kukutentha, m'nyumba simungakhalike. Ndikutengerani ku paki ina yake yapamwamba. Ndi anthu ochepa amene amaidziwa."

"Paki yanji?"

"Udzaona."

Loweruka lonse ndinali kukhitchini. Ndinakazinga nkhuku, ndinawotcha masoseji, ndinaphika mpunga, ndipo mayi wina wa ku Beech Grove amene tinkagwira naye ntchito anandiphikira mandasi odzaza beseni. Lamlungu mnzanga wina anandiperekeza ndi katunduyo mpaka pomwetsera mafuta paja, n'kundisiya ndikudikira alendo, nditavala malaya oyera obwereka.

Anafika masana ndithu, dzuwa likuswa mtengo. A Mbewe anatsika atavala suti ija, tayi ali pakhosi. A Nambewe anali mayi wamfupi, wodekha, wa maso ooneka ngati akuwerenga zimene ukuganiza. Ndinagwada pa tala wotentha kuwapatsa moni, mawondo akupsa, koma sindinasonyeze.

"Ndiye kwanu ndi kuno?" anafunsa a Mbewe akuyang'ana mapampu a mafuta.

"Ayi, malume, tingodutsa kuseriku pang'ono."

Tinayenda mondondozana m'kanjira kaja, ine patsogolo ndi miphika, kudutsa mabini a zinyalala. Ndinkamva kupuma kwa a Mbewe kumbuyo kwanga, kupuma kwa munthu amene zimene ankaganiza zikutsimikizika. Koma titangolowa pa kageti kaja onse anaima.

"Eee, koma ndiye pabwinotu," anatero a Nambewe. "Kapinga ngati wa kwa bwanamkubwa."

Ngakhale a Mbewe anagwedeza mutu. Ndipo chifukwa sakanalola kuti mlongo wawo aone ngati pali chinthu cha ku America chimene iwo sachidziwa, anayamba kufotokoza.

"Izi, achemwali, ndi zimene timati komyuniti paki. Boma la kuno limaganizira ana. Mukuona chipaipi icho? Mwana amakwawiramo, kulimbitsa msana. Matabwa awo ndi ophunzitsira kukwera. Ndi chifukwa chake ana a kuno amakula msanga."

Ine mtima unali m'malo. Ndinayala nsalu patebulo, n'kuika zakudya. Kenako ndinakumbukira mwambo. Ndinathamangira pampopi, kutenga imodzi mwa mbale zonyezimira zija, kuitsukuluza, kudzaza madzi, n'kubwera kudzagwada pamaso pa a Nambewe kuti asambe m'manja. Anasamba. A Mbewe anasambanso, mpaka kusukusula nkhope ndi madzi omwewo chifukwa cha thukuta.

"Mwanayu ulemu ali nawo," a Nambewe anauza mchimwene wawo, ine ndikumva.

Nditafika kwa Tamanda ndinapeza akuyang'anitsitsa mbaleyo. Kenako anayang'ana mpopi waufupi uja. Kenako chipaipi. Kenako kabokosi ka majumbo, komwe mayi ake anali atapitako kale, akukoka kamodzikamodzi mosangalala.

"Zaulere zimenezi?" anafunsa a Nambewe.

"Zaulere, amayi, tengani ndithu," ndinayankha monyadira ngati ndagula ndine.

Anakoka tambirimbiri n'kupinda m'chikwama, ndipo m'kamodzi anaikamo mandasi oti akadye pa ulendo wobwerera.

Tamanda anandikokera pambali, n'kunditsina pamkono.

"Iwe, unalowapo pa geti lakutsogolo?"

"Kuli geti lakutsogolo?"

Anatseka maso, n'kupuma mozama.

"Umabwera nthawi yanji kuno?"

"Masana. Bwanji?"

"Palibe. Tidye msangamsanga tizipita. Msangamsanga, wamva?"

Sindinamvetse, koma ndinavomera. Vuto ndi lakuti mawu akuti msanga a Mbewe sankawadziwa. Anati tisanadye ayambe alankhulapo mawu ochepa. Anayamba ndi mbiri ya banja lawo kuchokera kwa agogo awo. Anafika pa za ulendo wawo wobwera ku America. Anafotokoza kusiyana kwa mnyamata ndi mwamuna, akundiyang'ana ine, ndipo kusiyanako kunali ndi mawilo anayi. Tamanda ankangoti, "Malume, chakudya chizizira," iwo n'kukweza dzanja kuti adikire. Dzuwa linapendeka. Kamphepo kanayamba kuwomba. Ndinazindikira kuti sindinakhalepo m'pakimo mpaka nthawi ngati imeneyo.

"Tiyeni tipemphere," anatero pomaliza.

Tinatseka maso. A Mbewe akamapemphera amayambira ku Genesesi. Ali cha kwa ana a Israeli m'chipululu ndinamva chitseko cha galimoto chikutsekedwa chapatali. Kenako china. Kenako kulira kwa geti lachitsulo, mbali imene sindinapiteko. Ndinati mumtima, anthu ena abwera, palibe kanthu, aona kuti ndife opemphera. Ndiye kunamveka timabelu, ngati makiyi ambiri akugwedezeka, ndi mapazi ofewa othamanga pa kapinga. Kenako china chake chonyowa ndi chozizira chinandigunda pa chigongono.

Ndinatsegula diso limodzi.

Ndinaonapo agalu pa moyo wanga, koma uyu anali mwana wa ng'ombe. Mutu wake unali utafika patebulo iye ataima ndi miyendo yonse inayi pansi, ndipo ankayang'ana nkhuku yanga mwaulemu, dovu likuyenderera. Kumbuyo kwake kunkabwera ena: wakuda, wamawanga, wina waubweya ngati nkhosa, ndi kena kakang'ono kovala mpango wofiira m'khosi.

"…ndipo mudalitse manja amene akonza chakudyachi," ankapitiriza a Mbewe.

"Malume," ananong'ona Tamanda.

"…kuti chikalowa m'matupi mwathu…"

"Malume, nenani ameni!"

A Mbewe anatsegula maso, n'kupezana maso ndi chigalu chija. Ameni sanamveke. Chimene chinamveka ndi "Mayo!" ndipo munthu wamkulu uja, mkulu wa mpingo, anadumpha benchi ngati mnyamata wa sekondale.

Tsopano aliyense wokulira ku Malawi amadziwa mankhwala a galu. Umawerama ngati ukutola mwala, galu n'kuthawa. Ndinaimirira kutsogolo kwa a Nambewe, n'kuwerama mwaukali, dzanja pansi.

Agalu onse anasiya tebulo n'kuthamangira kwa ine. Anandizungulira, michira ikugwedezeka, maso ali pa dzanja langa, ena akudumphadumpha ndi chimwemwe. Ndinatola kamtengo n'kugenda kuti aone kuti sindikuseka. Anathamangira kamtengoko onse, ndipo ndisanapume n'komwe, wamawanga uja anabwera nako n'kukaika pa nsapato yanga.

"Choka!" ndinakuwa. "Tiye uko!"

Anakhala pansi n'kupendeketsa mutu. Agalu a kuno Chichewa samva.

Pa nthawiyi a Mbewe anali atapeza pothawira. Anakwera matabwa otsamirana aja mpaka pamsonga, n'kukhala chotang'adza, atagwira tayi. Anaiwala zimene anatiphunzitsa okha, kuti matabwawo ndi ophunzitsira kukwera. Galu waubweya uja atawaona anasangalala kwambiri kuti wapeza mnzake wodziwa masewerawo. Anathamanga, kukwera mbali imodzi, n'kuyamba kuwanyambita khutu. Kagalu kampango kanakwera mbali inayo. A Mbewe anafuna kutsika, thalauzi linakodwa pa kathabwa kopondapo, ndipo tonse tinamva phokoso lija limene nsalu yodula imachita ikamatsanzika. Linayambira pa lamba kumbuyo mpaka pa bondo.

Eni agalu ankabwera akuthamanga. Patsogolo panali mayi wina wachizungu wovala kabudula, akukuwa m'Chingerezi kuti, "Musaope! Ndi wochezeka! Pirinsesi, bwera kuno!" Pirinsesi anali mwana wa ng'ombe uja, ndipo pa nthawiyo anali atanyamula theka la nkhuku.

Ndinaona kuti chimene chikuwasunga pafupi ndi a Nambewe ndi chakudya. Ndinagwira mbale ya masoseji n'kuyamba kuponya kutali, imodziimodzi, ngati wofesa mbewu. Zinathandiza, gulu lonse linakhamukira kumpanda. Koma tsopano amene anayamba kukuwa ndi eni ake. Bambo wina ankathamangitsa galu wake akudandaula kuti dokotala anamuletsa zamafuta. (Galu. Kumuletsa zamafuta. Ine amene ndinkadya buledi wosapaka kanthu pabenchi lomwelo.)

Nditatembenuka ndinapeza a Nambewe ali pomwe anakhala paja, chikwama pamiyendo, osatekeseka. Kagalu kena kanayesa kununkhiza jumbo lawo la mandasi, iwo anangovula silipasi n'kukaloza nayo. Kanabwerera chambuyo. Tamanda anali atakwirira nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

Agalu atagwidwa, mayi wa Pirinsesi anabwera kudzapepesa. Anali munthu wabwino ndithu. Anafunsa mwaulemu kuti galu wathu ndi uti. Nditayankha kuti tilibe, anatiyang'ana tonse, kuyang'ana miphika, n'kufotokoza pang'onopang'ono, ngati akulankhula ndi odwala, kuti malowo ndi osewereramo agalu a anthu a m'deralo, ndipo chakudya sichiloledwa.

Ali mkati mofotokoza, Pirinsesi anazungulirazungulira pa kapinga n'kuchita zimene galu wokhuta amachita. Mayi uja anapita pa kabokosi kaja, kukoka kajumbo kamodzi, kuvala kudzanja, n'kuwerama kutola. A Nambewe anaonerera zonsezo mwachidwi. Kenako anayang'ana mandasi awo. Pomwepo wamawanga uja anapita pansi pa mpopi n'kuyamba kukhathamira madzi m'mbale ija. A Mbewe, atagwira thalauzi kumbuyo ndi dzanja limodzi, anakweza dzanja linalo pang'onopang'ono n'kukhudza nkhope yawo.

Tinatulukira geti lakutsogolo. Kunali chikwangwani chachikulu ngati chitseko, chojambulidwa galu akumwetulira, malamulo ali m'munsi. A Mbewe, atamanga jekete m'chiuno, anaima n'kuwerenga mokweza lamulo lililonse, akundiyang'ana akamaliza mzere.

Tinakathera pa malo ena ogulitsa mabanzi a nyama. Ine ndinkangoyang'ana tchipisi tanga, ndikuwerengera mumtima kuti Tamanda ndamutaya, ndipo pofika Lamlungu lotsatira Mmalawi aliyense kuyambira ku South Bend mpaka ku Speedway adzakhala atamva. Kenako a Nambewe anatulutsa kamawu ngati akutsamwa. Anaika dzanja pakamwa. Anayesa kumwa madzi, koma zinakanika, ndipo anaphulika kuseka mpaka misozi, akumenya tebulo.

"Achimwene," anatero akupukuta maso, "paja munati matabwa aja amakulitsa ana msanga?"

"Achemwali, si nkhani yoseketsa imeneyi."

"Mpaka khutu kukunyambitani! Mlamu wanga sanakuchitenipo zimenezo!"

A Mbewe anakonza tayi. "Mfundo ndi yakuti mnyamatayu ndi wosasamala. Munthu wosawerenga chikwangwani angasamale banja?"

A Nambewe anasiya kuseka, n'kundiyang'ana ndi maso aja.

"Kuwerenga aziwerenga Tamanda, ndi amene tamuphunzitsa. Ine ndaona china. Zilombo zija zitafika, uyu anaima kutsogolo kwanga. Inu, mchimwene wanga wa bere limodzi, munali padenga."

(Zoona zake n'zakuti ndinafuna kuthawa, koma miyendo inakana. Zimenezi sindinawauze, ndipo inunso musakawauze.)

Potuluka a Mbewe anandikokera pambali pafupi ndi galimoto yawo.

"Achimwene, mutumize akwanu tidzakambirane za chinkhoswe. Koma za lerozi zithere pompano. Tamvana?"

"Tamvana, malume."

Ine ndinasungadi pangano kwa zaka ndithu. Amene sanalonjeze kanthu ndi a Nambewe. Atangofika ku Ntcheu anayamba kufotokozera aliyense, kumpingo, kuchigayo, ngakhale pamaliro, kuti ku America agalu ali ndi paki yawoyawo, mpopi wawo ndi dokotala wowaletsa zamafuta, ndipo munthu wamkulu ndi amene amawatolera zotsalira. Timajumbo tija anapita nato, ati jumbo ndi jumbo, ndipo ankationetsa ngati umboni.

Phunziro ndinalitola: kuno malo akakhala okongola, aulere, ndiponso opanda wokufunsa, uyambe wafufuza kuti eni ake ali ndi miyendo ingati. Koma chilango changa sichinathe, chifukwa anthu a ku Ntcheu sanawakhulupirire apongozi anga. Ankati ulendo wa pandege unawasokoneza mutu. Ndiye mpaka lero, mkangano ukabuka, amandifulasha kuti ndiwaimbire, ndipo ndikaimba ndimamva gulu la anthu likusonkhana pafupi ndi foni.

"Bambo a kwathu, pano pali a Nachisale akuti ndikunama. Tawauzani nokha."

"Amayi, ndi zoona, pakiyo iliko."

"Ayi, musadule. Muyambire pamene munagwada ndi mbale."